Pikapu yomwe ndinagula inali itamirapo m'madzi, ndipo ndinadziwa ndalama zitapita kale

Nkhani iyi ndakhala ndikuizengereza chifukwa ndikaiyamba mtima umandiwawabe, koma anthu akugulabe magalimoto momwe ndinagulira ine muja, ndiye bola ndingoifotokoza yonse mwina wina apulumutsa ndalama zake. Ine ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, kwathu ndi ku Dedza koma kuno ndakhalitsa, geni yanga ndi ya mpunga, ndimakapikula Kilombero ku Karonga nkumagulitsa kuno, nyengo zina ndimatengako mbatatesi ya ku Jenda. Zaka zonsezi katundu ndimakweza pa malole a anthu, kudikira pamsewu tsiku lathunthu, matumba kunyowa, ena kusowa, ndiye maloto anga anali amodzi basi, kukhala ndi pikapu yangayanga.

Ndinasunga ndalama pang'onopang'ono mpaka mu November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Amene munali ndi kandalama kosunga nthawi imeneyo mukukumbuka momwe zinalili, umagona uli ndi ndalama ya galimoto nkudzuka ili yosakwana, mitengo ikusintha sabata iliyonse. Ndinagwidwa mantha oti ndikachedwa sindidzagulanso. Nde mkati mwa mantha amenewo dobadoba wina wa mtauni anandiimbira kuti bwana pali Hilux D4D ya zitseko folo, yoyera, yachokera ku Blantyre, mwini wake akufuna ndalama mwachangu. Mtengo omwe ananditchulira unali otsika ndithu kuyerekeza ndi ma Hilux ena a zaka zomwezo omwe ndinali nditafunsa. Ine ndinaona ngati Mulungu wandiyankha.

Tinakaiona cha m'ma 5 madzulo, December, mvula ikuwaza, itaimikidwa pamalo otsukira magalimoto ndipo inali itangotsukidwa kumene. Ndinapita ndi mayi akunyumba. Titatsegula chitseko fungo la perefyumu linatiwomba, timitengo tonunkhira tija tinali titatu pa galasi, mipando yavekedwa makava atsopano, pansi mamati a labala atsopano. Mayi anandikokera pambali nkunena chapansipansi kuti, "Inu bambo, galimoto yakale chonchi kumanunkhira ngati mu saluni, akubisa chani?" Ine ndinawayankha kuti munthu akamagulitsa chinthu amachikonza kuti chioneke bwino, palibe chachilendo. Mawu awo aja ndimawakumbukira mpaka lero.

Sikuti sindinayang'ane ayi. Ndinayang'ana zomwe aliyense amayang'ana. Injini inalira kamodzi, utsi wabwinobwino, oilo pa dipisitiki oyera ngati uchi, matayala abwino, nambala ya chasisi ikugwirizana ndi ya mu bulu buku. Ndinaiyendetsa mpaka ku Katoto nkubwerera, magiya akulowa bwino, foloyilo yokokera matayala onse folo ikulowa. Ndinagwada nkusuzumira kunsi, ndinaona timatope m'makona ndi kadzimbiri apo ndi apo, koma ndinati pikapu ndi pikapu, ntchito yake ndi ya m'matope. Mawa lake ndinalipira.

Miyezi iwiri yoyamba inali ya chisangalalo chokhachokha, Karonga kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Kenako tizinthu tinayamba. Windo la kumbuyo kumanzere linasiya kutsika, patapita masiku linayambanso lokha. Maloko a zitseko amatha kudzikhoma okha galimoto ili chiimire. Hutala lero ikulira mawa ayi. Getsi la ABS, lochenjeza za mabuleki, limayaka nkuzima. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono, wamagetsi wina amangosintha fyuzi ndikumulipira nkumapita. Perefyumu uja atatha mphamvu munayamba kumveka kafungo kena ngati ka bulangete lomwe lasungidwa lisanaume, koma kuno ku Mzuzu nthawi ya mvula chilichonse chimanunkha chinyezi, nsapato, zovala mu wadilopu, ndiye sindinadabwe.

Tsiku lomwe ndinadziwa kuti pali vuto lenileni ndinali ndikuchokera ku Karonga ndi matumba 12, ndikukwera Chiweta kutada. Amene mumaudziwa msewu umene uja mukudziwa kuti si malo oti galimoto ikuthere mphamvu, makona okhaokha, mbali ina phiri mbali ina phompho, mathanki a mafuta ndi malole akutsika. Pakati pa chitunda magetsi a pa dashibodi anayaka onse nthawi imodzi, injini nkufooka ngati wina waigwira pakhosi, kenako zii. Ndinakoka handibuleki, mnyamata yemwe ndimayenda naye anadumpha nkuika miyala kumatayala. Tinakhala pamenepo maola awiri tikuwalitsa tochi ya foni kuti malole atione. Dalaivala wina wachifundo anaima, anagwedezagwedeza mawaya kumapazi a pasenja, galimoto nkulira. Anandiuza kuti achimwene mawaya anuwa ali ndi vuto, musayendenso usiku. Kufika ku Ekwendeni kumbuyo kunali kutayambanso kulira kaphokoso ngati mphepo, kokwera ndikaponda moto.

Mnzanga wina ndi amene ananditengera kwa madala ena ku Luwinga, makaniko akale, a imvi, osalankhula zambiri. Ndinawafotokozera zonse kuyambira windo mpaka Chiweta. Sanatsegule boneti nkomwe. Anati tsekani mawindo onse muiike padzuwa apo, tiyeni tikamwe tiyi. Patatha ngati theka la ola anatsegula chitseko nkulowetsa mutu, anakhala kaye chete, nkundiyang'ana. Kenako anagwira lamba wa mpando wa dalaivala nkuyamba kukoka, kukoka, mpaka anathera. Ine lamba ndimakoka tsiku lililonse koma ndimangolekeza pomwe wandikwana. Chakumapeto kwake, gawo lomwe limakhala lokulungidwa mkati mwa chipilala cha chitseko, linali ndi mzere wabulauni odutsa chopingasa, kuchokera pamzerewo kupita kumapeto lamba yense anali othimbirira, olimba ngati chikumba, ndi timadontho takuda ta nguwi. Anakoka wa pasenja, chimodzimodzi. Akumbuyo, chimodzimodzi.

"Mwana wanga, galimoto iyi inagona m'madzi," anatero.

Ndinakana. Ndinati mwina anaitsuka ndi payipi mkati. Iwo sanatsutsane nane, anangotenga sikuludalaiva nkuchotsa kapulasitiki kopondapo pakhomo kaja, nkutukula kapeti. Pamwamba kapeti inali youma, yoyera. Kunsi kwake kuli chinthu changati thonje chokhuthala chomwe chimaletsa phokoso ndi kutentha, chimenecho chinali chonyowa, chikuyoyoka, ndipo pachitsulo penipeni panali dothi losalala lotuwa chakukuda, litauma nkung'ambikang'ambika ngati pansi pa dambo mu October. Madala aja anatapa pang'ono nkulifikisa pa zala, linasanduka fumbi losalala ngati simenti, lopanda kamwala ngakhale kamodzi. Anati, "Taonani, dothi lathu kuno ndi katondo, lofiira. Ili si la kuno, ndipo silinabwere ndi nsapato. Dothi la nsapato limakhala ndi timiyala ndi mchenga, limathera pamwamba pa kapeti. Ili linabwera litasungunuka m'madzi, madzi anakhala, lokha nkudikha pansi."

Apa mpomwe ndikufuna mumvetse bwino chifukwa mpomwe ine ndinapusitsikira, ndipo pikapu imapusitsa kuposa galimoto yaing'ono. Ukaona matope kunsi kwa Vitz kapena Sienta umadabwa, koma ukawaona kunsi kwa Hilux kapena Ranger kapena D-Max umati ndi zake. Ndipo nzoona, pikapu yomwe imayenda msewu wa ku Nyika kapena kutsikira ku Usisya nthawi ya dzinja imakhala ndi matope m'madigadi, pa masipuling'i, pa difu (kabokosi ka magiya kogawira mphamvu ku matayala, kamakhala pakati pawo), pena paliponse pomwe tayala limamwaza. Matope amenewo sakuuza kanthu. Imatha kuwolokanso timitsinje madzi kufika theka la tayala, inapangidwira zimenezo. Chomwe ukufuna kudziwa nchoti kodi madzi analowa mkati momwe mumakhala anthu nkukhalamo, ndipo umboni wake suli pomwe tayala limamwaza, uli m'malo otsekeka momwe dothi silingafike pokhapokha litasambira. Otsuka galimoto amatsuka pomwe maso amafika ndi pomwe dzanja limalowa mosavuta. Sangamasule galimoto yonse, ndalama yake ingadye phindu lawo. Nde iwe ntchito yako nkupita komwe iwo anachita ulesi.

Madala aja anandiyendetsa malo amenewo limodzi ndi limodzi ine ndikuwalitsa tochi. Njanji zomwe mpando umatsetserekapo, dzimbiri lokhalokha, mabawuti omangira mipando ali ofiira ndipo mitu yake ikuoneka kuti sipanala inadutsapo posachedwa, kusonyeza kuti mipando inachotsedwapo kuti iumitsidwe. Kunsi kwa mpando, masipuling'i ndi tizitsulo tosapentedwa, dzimbiri. Titavula kava mmodzi siponji yake inali ndi mzere ngati mapu. Kuseri kwa mpando wakumbuyo komwe kumakhala jeke, jekeyo anali atagwirana ndi dzimbiri ndipo pansi pake panali dothi lomwe lija ndi timapesi taudzu. Anachotsa chikuto cha mkati mwa chitseko chimodzi, pansi pa chitseko mkati munali dothi lokhuthala ngati chala litatseka timabowo totulutsira madzi, sipika itafufuma, ndipo pa chitsulo mkatimo mzere wa madzi umaoneka bwinobwino ngati momwe umaonekera pakhoma la nyumba madzi osefukira akaphwa. Ndi mzere umenewo tinadziwa pomwe madzi analekeza, cha m'munsi pang'ono mwa chiwongolero.

Kenako anandigoneka chagada kumapazi a dalaivala kuti ndiyang'ane m'mwamba kunsi kwa dashibodi. Kumeneko kuli zitsulo zambiri zosapentedwa, zogwirira mapedulo ndi chiwongolero. Anandichenjeza kuti kadzimbiri kopyapyala pazitsulo zimenezi kamapezeka ngakhale m'galimoto yabwinobwino makamaka kuno kwa chinyezi, ndiye usangoona kufiira nkuthawa. Chomwe chinali chachilendo pa yanga nchoti dzimbiri linali lokhuthala m'munsi nkulekeza pamalo amodzi molunjika, pamwamba pake chitsulo chili choyera. Chinyezi cha mumpweya sichijambula mzere.

Za magetsi ndiye zinandimvetsa chisoni kwambiri. Kumbali kwa mapazi, kuseri kwa timapulasitiki, kumakhala mapulagi akuluakulu momwe mawaya a galimoto yonse amakumanirana. Anazula imodzi, timano take m'malo mowala tinali ndi ufa obiriwira ndi oyera, kamodzi kanathyokera m'manja mwawo. Anasenda waya wina patali ndithu ndi pulagi, kopa wake anali wakuda. Anandifotokozera kuti madzi amayenda mkati mwa waya ngati momwe parafini amakwerera pa chingwe cha nyali, ndiye kunja kumauma koma mkati kumapitiriza kudyeka mwakachetechete. Nchifukwa chake galimoto yomira imatha kuyenda bwinobwino miyezi ingapo, wogulitsa nkukhala atadya kale ndalama, mavuto nkumabwera limodzi lero lina mwezi wamawa, osaoneka ngati akuchokera pamodzi.

Ndipo pali china chomwe ndimachita nacho mantha ndikachiganiza. Anandiuza kuti nditembenuze kiyi osaliza injini, ndiwerenge magetsi omwe ayaka pa dashibodi. Galimoto yabwino magetsi onse ochenjeza amayenera kuyaka kaye nkuzima, ndi momwe imadziyesera. La batire linayaka, la oilo, la injini, la ABS. La airbag, kathumba ka mpweya kaja komwe kamafufuma pa ngozi kuti kakuteteze, silinayake. Miyezi yonseyi sindinazindikire chifukwa munthu umayang'ana getsi lomwe layaka, suganiza za lomwe silinayake. Atamasula anapeza kuseri kwake kwamatidwa tepi yakuda. Kakompyuta ka airbag m'magalimoto ambiri kamakhala pansi pakati pa mipando yakutsogolo, cha pa giya, ndiye madzi akalowa kamakhala koyamba kumira. Kanga kanali kakufa, wina anaona getsi likuyaka nkusankha kulibisa. Ine ndakhala ndikunyamula ana anga m'galimoto imeneyo kupita nawo kunyanja ku Nkhata Bay ndikuganiza kuti ndi otetezeka.

Phokoso lakumbuyo lija linali difu. Atamasula bawuti yothirira oilo nkulowetsa chala, chinatuluka ndi zinthu zangati tiyi wamkaka, atakhetsa pansi panayamba kutuluka madzi enieni kenako phala lotuwa. Difu ili ndi kabowo kopumira pamwamba, ikamira madzi amalowera pamenepo ndi m'malabala otchinga oilo aja, makamaka ikalowa m'madzi ozizira ili yotentha chifukwa mpweya wamkati umakhwinyata nkukoka madzi. Ogulitsa aja anasintha oilo wa injini chifukwa amadziwa kuti aliyense amasolola dipisitiki, koma difu yakumbuyo, yakutsogolo ndi kagiyabokosi ka foloyilo anazisiya ndi madzi ake. Ine nkumakweza matumba 12 pa Chiweta mabeyaring'i akusambira m'phala limenelo. Madiramu a mabuleki akumbuyo atawatsegula munali dothi lomwe lija. M'chasisi, m'mabowo aja ali m'mbali, ukalowetsa chala chimatuluka ndi dothi louma. Sipeya yomwe imapachikidwa kunsi kwa bodi, tcheni chake chinali chitagwira osatsika, tikanaphulitsa tayala panjira sindikanatha nkuitsitsa komwe.

Mwayi omwe ndinali nawo ndi injini. Madala anati zikuoneka kuti palibe anayesa kuiliza ili m'madzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye injini ikawakoka kudzera ku eyakilina pisitoni imamenya chinthu cholimba, makonirodi, zitsulo zogwira mapisitoni, nkupindika, ndipo ya dizilo imapanikiza kwambiri kotero madzi ochepa okha amakwana kuiwononga. Komabe m'bokosi la eyakilina, fyuluta inali yatsopano koma pansi pa bokosilo m'makona munali kadothi kaja.

Usiku umenewo sindinagone. M'mawa ndinatenga mapepala onse omwe anandipatsa, m'kati mwa kabuku ka sevisi munali risiti yakale yokhala ndi nambala ya foni ya mwini wake oyamba. Ndinaimba ndili okwiya, ndikuganiza kuti ndapeza wakuba. Anayankha bambo aulemu kwambiri, a ku Chikwawa. Nditatchula galimotoyo anakhala chete kenako anati, "Achimwene, galimoto imene ija ikuyenda?" Anandifotokozera kuti mu March 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy madzi anabwera usiku, iwo anangotenga ana nkuthawira kumtunda, galimoto inatsala pakhomo ndipo inakhala m'madzi masiku awiri. Katundu wa m'nyumba yense anapita, mbuzi, chimanga. Galimotoyo anaigulitsa motchipa kwambiri kwa anyamata ena a ku Blantyre kuti apeze pogwira, ndipo anawauza zonse, iwo ankaganiza kuti akukaiphwasula kuti agulitse masipeya. Anandipepesa ngati olakwa ndi iwo. Mkwiyo wanga onse unathera pomwepo, tinacheza nthawi yaitali, mpaka pano timaimbirana.

Ndiye muone momwe zimayendera. Galimoto imamira ku Chikwawa kapena ku Nsanje, Phalombe, Mulanje kapena Blantyre momwe, wina amaigula mtengo wa zitsulo, amaiumitsa, makava atsopano, perefyumu, nkuitengera kutali komwe anthu sakuidziwa mbiri yake. Kuno kumpoto Freddy tinangomumvera pa wailesi ndi kuona zithunzi pa Facebook, palibe amene amaganiza za madzi osefukira akamaona galimoto pa Mzuzu patatha miyezi 9. Yemwe anandigulitsa nditamuimbira anati iye sadziwa kanthu, anaigula choncho, ndipo kapepala komwe tinasainirana kanali ndi mawu oti ndaiona ndipo ndaigula momwe ilili. Kachiwiri foni sinayankhidwe. Dobadoba uja tikakumana mtauni amawolokera mbali ina ya msewu.

Musaganize kuti vutoli ndi la magalimoto a m'dziko muno okha. Ambiri kuno timaitanitsa kunja, zimatsikira ku Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, zina zimachokera ku South Africa. Ku Japan nako kumasefukira, mu October 2019 namondwe wa Hagibis anamiza madera ambiri kumeneko, ndipo ku Durban mu April 2022 madzi anawononga kwambiri mpaka fakitale ya Toyota yomwe imapanga Hilux inaima miyezi ingapo. Magalimoto a anthu wamba omwe amamira pa zochitika ngati zimenezi ena amakathera kumisika ya magalimoto akale. Ngati mukuitanitsa ya ku Japan limbikirani kuti akupatseni auction sheet yake yeniyeni, pepala lomwe amalembapo momwe galimoto ilili ikamagulitsidwa kumsika, ndipo mupeze munthu okuwerengerani, chifukwa oyendera galimoto kumeneko amalembapo akapeza kuti inamira, koma zimalembedwa m'Chijapani ndiye ambiri timangoyang'ana giredi ndi makilomita. Ikakhala yomira m'madzi a m'nyanja yamchere ndiye musayerekeze nkomwe, mchere umadya mawaya ndi chitsulo mwachangu kuposa madzi a mumtsinje. Ndipo kwathu konkuno Karonga amasefukira pafupipafupi, ku Dwangwa nako madzi anavuta mu 2024, magalimoto a kumeneko sapita kumwamba, amagulitsidwa kwa ife tomwe.

Mwezi watha alamu anga anandipempha kuti ndiwaperekeze kukaona pikapu ina ku Mchengautuwa. Ndinawauza kuti alamu tipita m'mawa dzuwa lili phwee, osati madzulo, osati pamvula, ndipo muwauze asailize tisanafike, ndikufuna ndiimve ikulira injini ili yozizira. Ndinatenga tochi yeniyeni, sikuludalaiva, sipanala ndi kansalu koyera, ndinavala zovala zoti ndikhoza kugona nazo pansi. Tisanayambe ndinapempha mwini wake mwaulemu kuti bambo, ndikufuna nditukule kapeti pakona ndi kutsegula bawuti ya difu, ndibwezeretsa momwe zinalili. Anaseka nkunena kuti chitani. Kuvomera kokhako kunandiuza zambiri, chifukwa munthu akayamba kukana kuti mundiwonongera galimoto, kapena kukufulumizitsa kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana ano, pamenepo ine ndimabwerera.

Ndinalowa nkutseka zitseko, kununkhiza, kenako kuyatsa fani ndi eyakoni kuti ndimve mpweya otuluka m'mapaipi chifukwa m'menemo perefyumu safikamo bwino. Malamba onse kukoka mpaka kumapeto. Ndipo nditatukula kapeti mbali ya pasenja ndinapeza ponyowa, alamu nkuyamba kale kubwerera m'mbuyo. Koma nditapukuta ndi kansalu kaja kanatuluka koyera, madzi okhaokha opanda dothi, mbali ya dalaivala kouma, kumbuyo kouma, njanji za mipando zoyera, malamba oyera, mapulagi akuwala. Kunyowa kwa mbali imodzi ndi madzi oyera kawirikawiri kumakhala kapaipi kotayira madzi a eyakoni katatsekeka, kapena labala wa galasi lakutsogolo kapena wa chitseko akudontha, ndipo ndi mvula ya kuno zimenezo nzosadabwitsa. Galimoto yomira imanyowa mbali zonse mofanana ndipo imasiya dothi. Tinapeza kuti kanali kapaipi ka eyakoni. Oilo wa difu anali wakuda bwinobwino, magetsi a pa dashibodi anayaka onse nkuzima, ndinayesa windo lililonse, loko aliyense, mawaipa, hutala, wailesi ndi masipika onse, ndinayang'ana m'magalasi a magetsi akutsogolo ngati muli nthunzi kapena mzere wa dothi. Kenako tinaitengerabe ku Luwinga kwa madala aja kuti aikweze ndi kuiika pa makina oyezera, chifukwa maso anga ali ndi polekezera. Pa pepala logulitsirana ndinawauza alamu kuti alembetse mawu oti wogulitsa akutsimikiza kuti galimotoyi sinamirepo m'madzi, asaine pamaso pa mboni. Mwini wake anasaina osaringaringa. Alamu akuyendera mpaka lero.

Wina andifunsa kuti nanga galimoto yomira singagulidwe ngakhale mtengo utatsika kwambiri? Ine maganizo anga ndi oti ngati madzi anangofika pansi pa zitseko osalowa mkati, nkusinthidwa maoilo onse msanga, imeneyo ndi nkhani ina. Koma ikafika pa mipando, worse pa dashibodi, igulidwe ngati masipeya basi, bodi, zitseko, magalasi, mwina injini. Osati galimoto yoti uzidalira pa geni kapena kunyamulira banja.

Yanga ndikadali nayo. Tinasintha mabeyaring'i a difu ndi a matayala, maoilo onse kawiri, mabuleki akumbuyo, kapeti yonse tinataya nkuika labala, mawaya a pansi tinagula a galimoto ina yomwe inachita ngozi, kakompyuta ka airbag ndi malamba onse folo ndinachita kuitanitsa ku Dar es Salaam. Ndikaphatikiza zonse ndi masabata omwe inakhala pa garaja ine ndikulipiranso malole a anthu, ndalama yake inapitirira Hilux yabwinobwino yomwe ndinaikana kuti yadula. Panopa ikuyenda, Karonga ndimapita koma Chiweta ndimayesetsa kukwera kusanade, ndipo windo lakumbuyo lija likumavutabe mvula ikagwa masiku awiri otsatizana.

Pali bambo wina wa ku Rumphi anaifuna mwezi wa June, anaizungulira nkuikonda, ananditchulira mtengo wabwino ndithu. Ndinamutengera kuchitseko chakumbuyo, ndinachotsa chikuto chija nkumuonetsa mzere wa madzi, chifukwa umenewo sindinaufufute, nkumuuza za ku Chikwawa zonse ndi zomwe tasintha. Anandithokoza, anati akaganize kaye, sanabwerenso.